Aneneri Onama ndi Chiweruzo cha Mulungu: Mafunso ndi Mayankho

Kodi mneneri wonama amadziwika bwanji?

Chilamulo cha Mose chimatchula mitundu iwiri. Deuteronomo 18 imanena za munthu wolankhula m'dzina la Mulungu chonsecho sanatumidwe, ndipo zimene walosera sizichitika. Deuteronomo 13 imanena za wina wovuta kumuzindikira: chozizwitsa chake chimachitikadi, koma amakokera anthu kwa milungu ina. Onse awiri chilango chawo chinali imfa.

Alipo amene chiweruzo chinamugwera anthu akuona?

Inde, Hananiya wa ku Gibeoni. M'chaka chachinayi cha ufumu wa Zedekiya, mfumu ya Yuda, mneneri Yeremiya ankayenda atavala goli lamtengo m'khosi, kusonyeza kuti Yuda ayenera kugonjera Nebukadinezara, mfumu ya Babulo. Mwezi wachisanu, m'Nyumba ya Mulungu, pamaso pa ansembe ndi anthu onse, Hananiya anavula golilo m'khosi mwa Yeremiya n'kulithyola. Analonjeza kuti zaka 2 zisanathe, ziwiya za m'kachisi ndi anthu otengedwa ukapolo zidzabwerera kwawo. Yeremiya anangochokapo. Kenako anabwera ndi uthenga wakuti m'malo mwa goli lamtengo padzabwera lachitsulo, ndipo Hananiya amwalira chaka chomwecho. Mwezi wachisanu ndi chiwiri, Hananiya anamwaliradi. Ukapolo umene Yeremiya analosera unali wa zaka 70.

Nanga Hananiya analakwanji, poti ankalimbikitsa anthu?

Mlandu wake unali wochititsa anthu kudalira bodza. Uthenga wake unali wokoma m'makutu, koma unkatseka njira yolapa. Patangopita zaka zochepa, Yerusalemu anawonongedwa ndipo kachisi anatenthedwa.

Kodi kuchuluka kwa aneneri sikutsimikizira kuti akunena zoona?

Ayi. Aneneri pafupifupi 400 anauza Mfumu Ahabu kuti akapambana nkhondo ku Ramoti Gileadi. Mmodzi wa iwo, Zedekiya mwana wa Kenaana, anachita kusula nyanga zachitsulo, ndipo anamenya mneneri Mikaya mbama chifukwa chonena zosiyana ndi anzake. Mikaya anaponyedwa m'ndende, koma Ahabu analasidwa ndi muvi n'kufera m'galeta lake madzulo.

Bwanji masiku ano onama ambiri sakulangidwa pomwepo?

Chipangano Chatsopano chili ndi chilango cha pomwepo: mneneri wonama Bara-Yesu wa ku Pafo, pachilumba cha Kupro, anachita khungu kwa kanthawi atalimbana ndi Paulo. Koma mu Mateyu 7, Yesu anaika chiweruzo chachikulu pa tsiku lomaliza, pamene ena amene ankanenera ndi kutulutsa ziwanda m'dzina lake adzawakana.

Mkhristu achite chiyani?

Mpingo sunapatsidwe mphamvu yopha munthu. Unalamulidwa kuyesa mizimu. Mika 3 imadzudzula aneneri olosera mtendere kwa amene wawadyetsa, n'kuopseza amene sanawapatse kanthu. Choncho mkhristu asanapereke ndalama kapena kusiya mankhwala chifukwa cha ulosi, ayerekeze uthengawo ndi Malemba, aone moyo wa mneneriyo, ndipo afunse ngati zimene analosera kale zinachitika.