Chinthu Choponyedwa Muli Pamwamba Chimagwera Patali

Ku Lisasadzi, m'boma la Kasungu, anthu ambiri amalima fodya. Nthaŵi yothyola fodya ikayandikira, alimi amakwera pa denga kukakonza mabalani ndi zigafa. Kodi inu munakwerapo? Nanga zidutswa za njerwa ndi mitengo yofumbwa munkaziponyera kuti?

Ambirife timayesa kuti chinthu chimagwera pafupi ndi khoma. Iyayi, si choncho. Chinthu mukachiponya, chimapita kutsogolo uku dziko likuchikokera pansi. Sichileka kupita kutsogolo mpaka chitagunda pansi. Tsono mukakhala pamwamba, chimachedwa kufika pansi, ndipo chimagwera patali.

Tayesani izi. Ikani mwala m'mphepete mwa tebulo. Mwala wina muugwire m'dzanja, molingana ndi tebulolo. Kankhani mwala wa patebulo mwamphamvu, ndipo nthaŵi yomweyo tayani winawo. Mvetserani bwino. Miyala yonse iŵiri igunda pansi nthaŵi imodzi, koma wokankhidwa uja ugwera patali. Munthu wina wa ku Italy, dzina lake Galileo Galilei, analongosola zimenezi m'buku lake m'chaka cha 1638.

Tiyeni tiŵerengere. Mwala ukamagwa, umatsika pafupifupi mamita 5 pa sekondi yoyamba. Tiyerekeze kuti muli pa denga la balani, mamita 5 kuchokera pansi. Mwaponya njerwa molunjika kutsogolo, pa liŵiro la mamita 10 pa sekondi. Njerwayo ikhala m'malere sekondi imodzi, ndipo igwera pa mamita 10 kuchokera pa khoma. Ameneŵa ndi mayadi pafupifupi 11. Mukanaiponya motero muli chiimire pansi, kuchokera pachifuwa, ikanakhala m'malere theka la sekondi basi, n'kugwera pa mamita 5 okha.

Mwaonatu! Mphamvu ndi yomweyo, koma mtunda waŵirikiza. Mwana amene akuseŵera uko, inu n'kumati ali patali, njerwa ingathe kumupeza.

Choncho musanakwere pa denga, chotsani ana ndi ziŵeto. Uzani munthu wamkulu mmodzi aime potero, aziletsa anthu odutsa. Nyundo, chikwanje ndi zina zolemera muzitsitse ndi chingwe. Musaziponye ayi.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani chinthu choponyedwa muli pamwamba chimagwera patali?
2. Mwala umatsika mamita angati pa sekondi yoyamba?
3. Muyenera kuchita chiyani musanakwere pa denga?