Magetsi akathima, MySQL imachedwa kudzuka

Funso: Ndimayang'anira seva ya MySQL pa ofesi ina kuno ku Neno Boma. Magetsi akathima mwadzidzidzi, imatenga nthawi kuti iyambenso. Mnzanga akuti ndifufute mafayilo a ib_logfile. Nditero?

Yankho: Ayi ndithu achimwene, musawakhudze! InnoDB, injini yosunga matebulo a MySQL, imayamba yalemba kusintha kulikonse m'mafayilo amenewo. Seva ikamadzuka imawawerenga: zomwe zinatsimikizidwa imazimalizitsa, zotsala panjira imazibweza. Kuchedwa mukukuonako ndi ntchito imeneyi. Mukawafufuta, zina zimatayika, matebulo n'kusokonekera.

Ikakaniratu kudzuka, koperani kaye foda yonse ya data, muwerenge error log. Kenako yesani innodb_force_recovery pa 1, n'kumakweza pang'onopang'ono. Kuyambira pa 4 mutha kuwononga zinthu kotheratu, ndiye ikangodzuka tulutsani zonse ndi mysqldump.

Musadzione ngati muli nokha. OpenMRS, imene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo limasungiramo mbiri ya odwala konko ku Neno, nayonso imadalira MySQL. Koma ineyo ndikadayamba ndi kugula UPS (batire lothandiza magetsi akathima), chifukwa nthawi zambiri wolakwa si pulogalamu. Onetsetsaninso kuti innodb_flush_log_at_trx_commit ili pa 1.