Phunziro la Alembi ndi Asungichuma: Kupaka Mitundu M'kaundula wa Pakompyuta

Ambiri a ife tsopano tikulemba kaundula wa zopereka pakompyuta, ena ku ofesi ya parishi, ena pa laputopu ya ana athu. Pulogalamu yodziwika pa ntchitoyi ndi Microsoft Excel, koma ziliponso LibreOffice Calc ndi Google Sheets zomwe ndi zaulere. Zonsezi zimatipatsa tsamba logawidwa m'timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse tikhoza kukapaka mtundu kumbuyo kwa zilembo. Mwezi uno tiphunzira kapakidwe kake, ndiponso kusamala kuti mtunduwo usanamizire munthu.

Phindu lake

Tiyerekeze kuti gulu lathu lili ndi amayi 60, ndipo aliyense amapereka K2,000 pamwezi. Amayi apampando afunsa kuti ndi angati sanamalize. Kuwerenga mayina 60 limodzilimodzi kumadya nthawi. Koma ngati timabokosi ta otsalira tili tachikasu, diso limafikira pomwepo.

Kapakidwe kake mu Excel

1. Tidine pa kabokosi komwe tikufuna kupaka. Ngati ndi tambiri, tidine koyamba n'kukoka mausi mpaka komaliza. Tikafuna mzere wonse, tidine nambala yake kumanzere kwa tsamba.

2. Pamwamba tipite pa Home, tipeze chithunzi cha kachidebe ka penti kotchedwa Fill Color. Tidine kamuvi ka pambali pake n'kusankha mtundu.

3. Tikalakwitsa tisadandaule. Tidine Ctrl ndi Z pamodzi kuti tibwerere mmbuyo. Pofuna kuchotseratu mtundu, tisankhe No Fill pa kachidebe komweko.

Mu Google Sheets kachidebe ka penti kaliponso pamwamba. Mu LibreOffice Calc tipite pa Format, kenaka Cells, kenaka Background.

Ngozi ya kupaka pamanja

Apa ndi pofunika kumvetsetsa. Mtundu wopaka pamanja susintha wokha. Mayi wina apereka ndalama yake Lamulungu, msungichuma alemba K2,000, koma aiwala kuchotsa chikasu chija. Pamsonkhano dzina la mayiyo liwerengedwa pamodzi ndi otsalira. Manyazi otere amapweteka, ndipo ena amasiya kubwera ku gulu chifukwa cha zimenezi. Kompyuta siinalakwe, yangosunga penti yomwe tinapaka.

Njira yabwino ndi kuiuza kompyuta kuti izipaka yokha. Tisankhe timabokosi ta ndalama za mweziwo, kuyambira pa dzina loyamba kulekeza pa lomaliza. Pa Home tidine Conditional Formatting, kenaka Highlight Cells Rules, kenaka Less Than. Tilembe 2000, tisankhe mtundu, tidine OK. Kuyambira pamenepo kabokosi kalikonse komwe ndalama yake siinakwane kadzapakika, ndipo tikangolemba ndalama yokwana mtunduwo udzachoka wokha. Tidziwe kuti mtundu wobwera m'njira imeneyi suchoka ndi No Fill. Timauchotsa pa Conditional Formatting pomwepo, posankha Clear Rules.

Malamulo anayi oti tisunge

Loyamba: mtundu usayime wokha. Pambali pa ndalama pakhale danga lolembamo mawu akuti “wamaliza” kapena “watsala”. Lipoti lathu kawirikawiri timalisindikiza ndi inki yakuda yokha kapena kulichita fotokope, ndipo pamenepo chofiira ndi chobiriwira zonse zimatuluka zotuwa. Aliponso anthu, makamaka abambo, omwe maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi chibadwire. Mawu ndiwo amawerengeka kwa aliyense.

Lachiwiri: tisankhe mitundu yopepuka. Zilembo zakuda pa chikasu chowala zimaoneka bwino, koma pa mtundu wobiriwira kwambiri kapena wofiira kwambiri manambala amabisika, ndipo inki imatha msanga.

Lachitatu: mitundu isapitirire itatu, ndipo pamwamba pa tsamba tilembe tanthauzo la uliwonse. Maudindo amasintha pa chisankho. Msungichuma watsopano asadzavutike kuganizira kuti chikasu chinkatanthauza ngongole kapena ndalama ya chipepeso.

Lachinayi: tikumbukire kuti powonkhetsa, kompyuta siyang'ana mtundu. Tikagwiritsa ntchito SUM, imaphatikiza manambala onse omwe tasankha, opakidwa ndi osapakidwa omwe. Choncho ndalama yomwe munthu wangolonjeza tisaiike m'danga limodzi ndi yomwe talandira, poganiza kuti mtundu uzisiyanitsa. Iliyonse ikhale ndi danga lake.

Pomaliza, mutu umodzi susenza denga. Lipoti lisanawerengedwe pagulu, mlembi ndi msungichuma akhale pansi afananize tsamba la pakompyuta ndi buku la malisiti. Ndipo amene watsaladi, ndi bwino kuyamba talankhula naye pambali, pakuti mwina pakhomo pali matenda.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'gulu lathu munachitikapo kuti dzina la munthu linawerengedwa molakwika? Tinakonza bwanji?

2. Ndi mitundu iti yomwe tigwirizane, ndipo uliwonse uzitanthauza chiyani?

3. Msungichuma atadwala lero, alipo wina amene angamve kaundula wathu popanda womufotokozera?

Ntchito ya kunyumba: tilembe mayina asanu ongopeka ndi ndalama zake, tiyeserere njira zonse ziwiri, ndipo tidzabweretse pepala losindikiza pa msonkhano wotsatira.