Kukhwima kwa Dzira ndi Kufalikira kwa Khansa

Zikomo mayi a ku Dedza chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa ngati zimene zimakhwimitsa dzira la mayi ndi zomwenso zimafalitsa khansa. Inde, pali kufanana. Mwezi uliwonse, kathumba kosunga dzira kamatulutsa puloteni yotchedwa VEGF, yomwe imameretsa timitsempha ta magazi tokadyetsa. Ntchitoyo ikatha, thupi limachepetsa puloteniyo. Koma chotupa cha khansa chimatulutsa VEGF mosalekeza. Timitsempha timachuluka, chotupacho chimakula, ndipo maselo ake amapeza njira yopitira kwina. N'chifukwa chake madokotala amagwiritsa ntchito mankhwala a bevacizumab, otchinga VEGF. Musade nkhawa mayi, kukhwima kwa dzira si matenda ayi. Koma mimba ikamatupa kwa masabata angapo, kapena mukamakhuta msanga, chonde thamangirani kuchipatala, chifukwa zimenezi zikhoza kukhala zizindikiro za khansa.