Muyeso wa Nchito ya Thupi

Thupi ndilo mphatso ya Mulungu, ndipo ife ndife adindo ace (werengani 1 Akorinto 6:19-20). Khasu losagwira nchito licita dzimbiri. Momwemonso thupi longokhala.

Pa dzinja mlimi wa ku Vubwi sasowa nchito. Koma cimanga ndi nshawa zikalowa m'nkhokwe, ambiri angokhala pamthunzi kufikira mvula. Cigayo calowa m'malo mwa mtondo, ndi njinga yamoto m'malo mwa miyendo. Kukhala kotere kutsegulira khomo nthenda ya shuga ndi ya kuthamanga kwa mwazi.

M'caka ca 2020 bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linaika muyeso uwu:

1. Ana a zaka 5 kufikira 17: ola limodzi tsiku ndi tsiku. Musawaletse mpira, fulaye kapena kuthamanga.

2. Akulu a zaka 18 kufikira 64: mphindi 150 kufikira 300 pa sabata. Kuyenda mwacangu mphindi 30 masiku asanu kukwanitsa muyeso woyambawo. Masiku awiri aonjezepo nchito yolimbitsa minofu, monga kuwaza nkhuni.

3. Okalamba, kuyambira zaka 65: muyeso womwewo, ndiponso masiku atatu azolowetse miyendo kuti asamagwe, monga kuima ndi mwendo umodzi atagwira nsanamira ya khonde.

4. Amai apakati amene ali bwino: mphindi 150 pa sabata.

5. Odwala shuga, kuthamanga kwa mwazi kapena HIV: muyeso wa akulu, monga mwa mphamvu zao. Ayambe pang'onopang'ono, nafunse uphungu ku kiliniki kapena ku cipatala, monga ca St Francis ku Katete ndi ca Nyanje ku Sinda.

Nanga mudzadziwa bwanji kuti cangu canu cakwana? Ngati mukhoza kulankhula koma simukhoza kuimba nyimbo, muli pa muyeso. Mukamva kupweteka pacifuwa kapena cizungulire, lekani, nimufune thandizo.

Kawirikawiri tilanda gogo khasu ndi tsache poyesa kumlemekeza, osadziwa kuti tifooketsa miyendo yace. Mcepetsereni katundu, koma musamlande nchito yonse. Ndipo inu akulu a mpingo, pokaceza kwa wokalamba, musangokhala naye pamphasa. Mgwireni dzanja, muyende naye kufikira kudimba.