Phunziro: Galimoto Yoyendera Magetsi ndi Funso la Kotchajira

Mawu oyamba

Mafuta akasowa m'dziko muno, ntchito zambiri za chitukuko zimaima. Ambulansi imachepetsa maulendo, alangizi a zaulimi amalephera kufika kumadera awo, ndipo madalaivala amagona pamzere kumalo omwetsera mafuta. Petulo ndi dizilo zimagulidwa ndi ndalama zakunja ndipo zimadzera kumadoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, pamene magetsi ochuluka amapangidwa konkuno pa mtsinje wa Shire. N'chifukwa chake nkhani ya magalimoto oyendera magetsi ikuyenera kumveka bwino kwa makhansala, mafumu ndi makomiti a chitukuko. Phunziro lino likufotokoza mphamvu za galimoto yotere, katchajidwe kake, ndiponso zimene zimakopa kapena kukayikitsa dalaivala amene anazolowera petulo.

Mmene imayendera

Galimoto yamagetsi ilibe thanki ya mafuta. Ili ndi batire lalikulu, limene nthawi zambiri limakhala pansi pa mipando, komanso mota imene imazunguza matayala. Injini ya petulo imayamba yapupuluma isanatulutse mphamvu zake zonse, n'chifukwa chake imafuna magiya angapo. Mota yamagetsi imakoka ndi mphamvu zonse galimoto ikangonyamuka, moti magalimoto ambiri otere ali ndi giya imodzi yokha ndipo alibe klatchi. Dalaivala woiyendetsa koyamba amadabwa ndi kufulumira kwake ponyamuka komanso mmene imakwerera chitunda popanda kulira.

Kusiyana kwina kuli pa kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu. Injini ya petulo imataya pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu ya mafuta ngati kutentha kongopita mumpweya. Mota yamagetsi imataya zochepa kwambiri. Kuwonjezera apo, galimoto ikamatsetsereka kapena dalaivala akachotsa phazi pa moto, mota imasanduka chopangira magetsi n'kumabwezera mphamvu m'batire. Potsika mapiri monga a Zomba kapena mtsetse wolowera ku Chikwawa, batire limaonjezekera mphamvu ndipo mabuleki sakutha msanga.

Mayunitsi ndi mtunda

Kukula kwa batire kumayezedwa mu kWh, ndipo kWh imodzi ndi yofanana ndi yuniti imodzi ya pa mita ya ESCOM. Galimoto yaing'ono yamagetsi imadya mayunitsi pakati pa 15 ndi 18 pa makilomita 100, mtunda umene galimoto ya petulo ya msinkhu womwewo imamwera malita pafupifupi 7. Aliyense angathe kuchulukitsa manambalawa ndi mitengo ya lero ya yuniti ndi ya lita, n'kuona yekha kusiyana kwake.

Chitsanzo chodziwika ndi Nissan Leaf ya ku Japan, imene inayamba kugulitsidwa mu 2010 ili ndi batire la mayunitsi 24. Mtundu umene unatuluka mu 2017 uli ndi batire la mayunitsi 40 ndipo ukadali watsopano umayenda makilomita pafupifupi 240. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi makilomita oposa 300, kutanthauza kuti galimotoyi iyenera kuima kamodzi panjira, mwina pa Ntcheu, kuti itchajidwe. Liwiro lalikulu, katundu wolemera ndi makina oziziritsa mpweya zimafupikitsa mtundawu.

Njira zitatu zotchajira

Njira yoyamba ndi soketi wamba ya m'nyumba. Imapereka mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola, choncho kudzaza batire la mayunitsi 40 kumatenga maola oposa 15. Komabe munthu woyenda makilomita 50 patsiku amabwezeretsa zimene wagwiritsa ntchito m'maola anayi kapena asanu usiku, bola mawaya a m'nyumbamo akhale olimba ndi oikidwa ndi mmisiri wovomerezeka.

Njira yachiwiri ndi tchaja yokhomera pakhoma, imene imapereka mayunitsi pafupifupi 7 pa ola. Batire lomwelo limadzaza m'maola 6 mpaka 8, ndipo iyi ndiyo njira yoyenera pa maofesi, zipatala ndi nyumba zogona alendo.

Njira yachitatu ndi tchaja yothamanga ya m'mbali mwa misewu ikuluikulu. Tchaja ya makilowati 50 imafikitsa batire pa magawo 80 mwa 100 pasanathe ola limodzi. Ikadutsa pamenepo galimoto imachepetsa yokha liwiro la kutchaja pofuna kuteteza batire, motero apaulendo ambiri sadikira kuti lidzaze. Tchaja yotere ndi yodula ndipo kawirikawiri imafuna thiransifoma yamphamvu. Palinso nkhani ya mapulagi: magalimoto ambiri a ku Japan amagwiritsa ntchito mtundu wa CHAdeMO, a ku Ulaya CCS, ndipo a ku China GB/T. Popeza magalimoto ambiri m'Malawi amabwera ogwiritsidwapo ntchito kuchokera ku Japan, woika tchaja ayenera kuyamba wadziwa kuti ndi magalimoto ati amene adzaimepo.

Zokopa ndi zokayikitsa

Chimene chimakopa dalaivala wa petulo, kupatula mtengo wa ulendo, ndi kuchepa kwa zokonzetsa. Palibe kusintha oilo wa injini, mapulagi a injini kapena paipi ya utsi. Galimoto imayenda mwakachetechete ndipo imanyamuka m'mawa uliwonse itatchajidwa kale, popanda kukaima pamzere.

Zokayikitsa nazo ndi zenizeni. Mtengo wogulira ndi wokwera. Batire limafooka ndi zaka, makamaka kumalo otentha monga ku Chigwa cha Shire, ndipo mitundu iwiri ya Leaf yatchulidwa ija ilibe makina oziziritsa batire ndi madzi. Makampani ambiri amalonjeza batire kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000, koma galimoto yakale imafika lonjezolo litatha kapena lili pafupi kutha. Wogula ayenera kufunsa za thanzi la batire kuposa maonekedwe a penti. Kulemera kwa batire kumatha matayala msanga. Mawaya ake akuluakulu, amene amakhala a mtundu wa lalanje, amanyamula mavoti pafupifupi 400, mphamvu yokwanira kupha makaniko wosaphunzitsidwa. Kusachita phokoso nakonso ndi ngozi pamisika ndi pafupi ndi sukulu, ndipo n'chifukwa chake mayiko a mu European Union analamula kuti magalimoto atsopano otere azitulutsa kaphokoso akamayenda pang'onopang'ono.

Zimene mayiko awiri akuphunzitsa

Ku Norway, magalimoto pafupifupi 89 mwa 100 aliwonse atsopano amene anagulidwa mu 2024 anali amagetsi. Dzikoli limapanga magetsi ake ambiri ndi madzi, linachotsa msonkho wa VAT pa magalimotowa mu 2001, ndipo anthu ambiri amatchajira pakhomo. Madalaivala anasintha pang'onopang'ono ataona kuti kotchajira kulipo.

Ethiopia inadzera njira ina. Kumayambiriro kwa 2024 boma linaletsa kuitanitsa magalimoto aang'ono a petulo ndi dizilo pofuna kupulumutsa ndalama zakunja. Magalimoto amagetsi anachulukadi mu Addis Ababa, koma eni ake anakumana ndi kuchepa kwa matchaja kunja kwa mzindawo, kwa zipangizo zosinthira ndi kwa amisiri. Lamulo linatsogola, zofunikira zikubwera m'mbuyo.

Mbali ya khonsolo

M'Malawi funso lalikulu ndi kudalirika kwa magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mabanja ambiri akumudzi alibenso magetsi a ESCOM. Komano malo opangira magetsi a dzuwa ku Salima, a mamegawati 60, ndi ku Golomoti m'boma la Dedza, a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira mphamvu, akusonyeza kuti dzuwa lingathe kuthandizana ndi madzi a Shire.

Khonsolo ndiyo imavomereza mapulani a nyumba, imayang'anira misika ndi madepoti, ndiponso imapereka ziphaso za malonda. Ingathe kusunga malo a matchaja pamene ikukonza madepoti atsopano, kukambirana ndi ESCOM za mphamvu ya mathiransifoma, ndi kulimbikitsa sukulu za ntchito zamanja kuti ziphunzitse achinyamata kukonza mota ndi mabatire. Poyambira pabwino ndi magalimoto ndi njinga zamoto zoyenda maulendo afupiafupi n'kumagona pamalo amodzi, monga za kabaza ndi za alangizi. Ambulansi yopita kumadera akutali opanda magetsi ikufunikabe dizilo mpaka matchaja adzafike kumeneko.

Mafunso okambirana m'makomiti

1. Kodi magalimoto ndi njinga zamoto za m'dera lino zimayenda makilomita angati patsiku, ndipo zimagona kuti?
2. Ndi malo ati a malonda amene ali ndi magetsi odalirika oti n'kuikapo tchaja?
3. Pa mitengo ya lero, kodi ulendo wa makilomita 100 ungadye ndalama zingati pa petulo ndi zingati pa magetsi?
4. Ndani m'boma lino amene angaphunzitsidwe kukonza magalimotowa mosaika moyo pachiswe?