Phunziro la Mwezi Uno: Migolo Inayi ya Msonkho wa pa Malipiro

Phunziro lino labadwa ndi funso la mmodzi wa ophunzira athu akale. Mbaleyu amakhala ku Kanyama ndipo amagwira ntchito pafamu ina ya nkhuku kumadzulo kwa Lusaka. Abwana ake anafuna kumukweza kuti akhale kapitawo, malipiro ake achoke pa K7,000 afike pa K8,000 pamwezi. Anzake anamuchenjeza kuti akangodutsa K7,100, boma lidzayamba kudula 30 peresenti ya ndalama zake zonse, ndipo adzatsala ndi zochepa kuposa kale. Iye anatsala pang'ono kukana udindowo. Mantha amenewa timawamvanso ku George, ku Chawama ndi ku Matero, choncho tiyeni tiwayese ndi masamu.

Msonkho wa pa malipiro, umene timaudziwa ndi dzina loti PAYE, umatoleredwa ndi bungwe la Zambia Revenue Authority, lomwe linayamba ntchito mu 1994. Wolemba ntchito ndiye amaudula mwezi ndi mwezi n'kuutumiza ku bungweli. Milingo yake imalengezedwa m'ndondomeko ya zachuma ya dziko. Pa 29 Seputembala 2023, Nduna ya Zachuma, a Situmbeko Musokotwane, inalengeza ku Nyumba ya Malamulo milingo imene inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2024. Milingoyo ili motere pamwezi:

Gawo loyamba, kufika pa K5,100: palibe msonkho.
Gawo lachiwiri, kupitirira K5,100 kufika pa K7,100: 20 peresenti.
Gawo lachitatu, kupitirira K7,100 kufika pa K9,200: 30 peresenti.
Gawo lachinayi, zonse zopitirira K9,200: 37 peresenti.

Kuti timvetse, tiganizire migolo inayi yoikidwa motsatana pamalo otsetsereka m'dimba. Madzi amayamba kudzaza mgolo wapamwamba. Ukadzaza, osefukira okha ndiwo amalowa m'wachiwiri, ndipo wachiwiri ukadzaza, osefukira amapita m'wachitatu. Malipiro athu ali ngati madziwo. Mgolo uliwonse uli ndi mlingo wake wa msonkho, ndipo mlingowo umakhudza ndalama zokhazo zimene zagwera m'mgolowo. Mgolo woyamba sukhudzidwa konse, kaya munthu amalandira K6,000 kaya K60,000.

Tsopano tibwerere kwa mbale wathu. Pa K7,000, mgolo woyamba umatenga K5,100, ndipo K1,900 yotsala imagwera m'wachiwiri. Pamenepo 20 peresenti ndi K380, ndiwo msonkho wake wonse. Akakwera pa K8,000, mgolo wachiwiri umadzaza ndi K2,000, msonkho wake K400. Yosefukira ndi K900, ndipo 30 peresenti ya ndalamayi ndi K270. Zonse pamodzi ndi K670. Choncho pa K1,000 imene wawonjezeredwa, msonkho watengapo K290, ndipo K710 yatsala. Ngakhale titachotsanso 5 peresenti ya NAPSA ndi 1 peresenti ya NHIMA, zomwe ndi K60 pa K1,000, m'thumba mwake mutsala pafupifupi K650 imene analibe kale. Ndalama imeneyi ndi yothandiza pa lendi kapena pa matumba a chakudya cha nkhuku zake za kuseri kwa nyumba.

Onaninso wolandira K10,000. Iye wafika m'mgolo wachinayi, koma msonkho wake ndi K400, kuphatikiza K630, kuphatikizanso K296 ya pa K800 yosefukira, zonse K1,326. Tikayerekeza ndi malipiro ake onse, msonkhowu ungopitirira pang'ono 13 peresenti, osati 37.

Ife a mpingo timasokonezeka msanga pankhaniyi chifukwa tinazolowera chakhumi. Chakhumi chili ndi mlingo umodzi: gawo limodzi mwa magawo khumi, kwa wolemera ndi wosauka yemwe. Msonkho wa pa malipiro suyenda choncho. Unakonzedwa mwa makwerero kuti wolandira zochepa asalemedwe, ndi kuti wolandira zambiri apereke zochuluka pa ndalama zapamwambazo. Tisawerengere chimodzi ndi muyeso wa chinzake. Koma zonse ziwiri zimafuna mtima umodzi, mtima wa mdindo wokhulupirika. Pa Mateyu 22 Ambuye anasiyanitsa udindo wathu kwa wolamulira ndi udindo wathu kwa Mulungu, osachotsapo uliwonse, ndipo pa Aroma 13 Paulo analangiza okhulupirira kuti azikhoma msonkho.

Pali zinthu zitatu zoyenera kusamala. Choyamba, ndalama ya maola owonjezera ndi ya nyumba, ikaperekedwa m'manja kapena kubanki, imawerengedwa pamodzi ndi malipiro. N'chifukwa chake msonkho umakwera m'miyezi yokolola pamene tagwira ntchito maola ambiri. Chachiwiri, milingoyi imasintha. Mu 2022 gawo lopanda msonkho linali K4,500, mu 2023 linakwera pa K4,800, ndipo mu 2024 linafika pa K5,100. Chaka chilichonse chikayamba, tizifunsa ku ZRA milingo imene ikugwira ntchito. Chachitatu, migolo inayi ija ndi ya malipiro a pantchito. Phindu la ulimi lili ndi mlingo wakewake wotsika, wa 10 peresenti, ndipo umawerengedwa pa phindu, zolowa zitachotsedwa. Apa ndi pamene kabuku ka pafamu kamaonetsa ntchito yake. Wogulitsa tomato ku Soweto Market kapena mazira ku Mtendere ndi ku Kalingalinga, ngati salemba zimene wawononga pa mbewu, feteleza, mankhwala ndi thiransipoti, sangathe kuonetsa phindu lake lenileni.

Zoti tichite mlungu uno ndi izi. Amene ali pantchito atenge kapepala ka malipiro a mwezi watha, agawe ndalamazo m'migolo inayi, aone ngati msonkho wodulidwa ukugwirizana ndi masamu ake. Ngati pali kusiyana, afunse mwaulemu kwa wowerengera ndalama wa pantchitopo. Amene alibe nambala ya msonkho, yotchedwa TPIN, akalembetse. Amene akali pamaphunziro awerengere msonkho wa malipiro a K5,600, K7,500 ndi K9,500, ndipo abwere ndi mayankho m'kalasi.

Mbale wathu wa ku Kanyama atawerengera yekha papepala, anavomera ukapitawo. Nafenso tikadzapatsidwa udindo wokulirapo, tisaukane chifukwa cha zongomva kwa anzathu. Tiyambe tatenga cholembera ndi pepala, tiwerengere.